Mbali ya Ndowa ndi Mbali ya Mpeni

Pageti pa malo omwe tinkamanga sukulu, chakumtunda kwa Chinakanaka, pankakhala magulu awiri m'mawa uliwonse. Kumanzere, pafupi ndi mulu wa mchenga, tinkaima ife amayi, aliyense ndowa yake m'manja, nkhata m'khwapa. Kumanja, pansi pa mtengo wa mango, kunkakhala amisiri, zikwama zawo zotuwa ndi simenti zili pansi, levulo yoyezera khoma itasuzumira kunja. Panalibe mpanda kapena chingwe pakati pathu, koma palibe amene ankasokera. Ine ndinaima kumanzereko nthawi yaitali ndithu, mpaka tsitsi la paliwombo linayamba kuthothoka chifukwa chosenza.

Ntchito ya pamenepo sinali yoti walembedwa basi ugone tulo. Unkalembedwa mwatsopano tsiku lililonse. A kapitawo ankatuluka m'kanyumba kamalata kosungiramo simenti, chipewa chachikasu kumutu, n'kuyamba kuloza ndi chala. "Inu. Inu. Inu apo." Chalacho chikakudutsa, unkangotembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera kwanu, anthu ako asanamalize n'komwe kusesa pabwalo. Madzulo poweruka ukafunsa za tsiku lotsatira, yankho linali limodzi lokha: "Mawa tiona." Mawu amenewa ndinadana nawo, ndipo mpaka lero munthu akandiuza, ngakhale akunena za kubwereka mtondo, ndimamuyang'ana ndi diso loipa.

Amayi tinkasankhidwa poyamba. Chifukwa chake chinali chomveka: mmisiri sangayambe kumanga madzi asanafike, matope asanapondedwe. Ndiye ife chala chikatigwera tinkatsika msanga kumtsinje, ndipo pamene a kapitawo ankatembenukira kumango kuti asankhe amisiri, ife tinkakhala tili kale m'munsi, tikumiza ndowa. Nthawi imeneyo sindinkaona kuti m'dongosolo limeneli muli nkhani. Ndinadzaiona pambuyo pake.

Ndisanafike pageti limenelo ndinkathyola tiyi ku esiteti, koma kumeneko mvula ikasiya amakuuzani kuti masamba achepa, mudikire dzinja. Bambo a ana anga anali atawoloka malire kukachita geni ku Mozambique, poyamba ankatumiza uthenga, kenako zii. Pakhomo panali ine, ana awiri, ndi mayi anga omwe miyendo inali itayamba kuwavuta. Kamunda kathu n'koti ukaima pakati umatha kulankhula ndi anansi a mbali zonse osakweza mawu. Nandolo ndi chinangwa zinkatifikitsa penapake, kwinako kunkadalira chala cha a kapitawo.

Amene ananditengera kuntchitoko anali alamu anga, akazi a achimwene. Iwo ankakhala mudzi wina, tinkakumana pamphambano kukali chisisira. Munthu wamfupi, wamphamvu, pakamwa posapuma.

"Moseliwa, alamu?" ankayamba patali ndi moni wa Chilomwe. "Mwagona kapena mwangotseka maso? Nkhope imeneyo a kapitawo akaiona aziti mwabwera kudzalira maliro. Sekaniko, chala chimakonda mano."

"Inu sekani, mano muli nawo ambiri," ndinkayankha.

Tinkaseka, koma tikayandikira geti kuseka kunkatha kokha. Aliyense ankayamba kuwerenga mitu ndi maso, kuona ngati pabwera nkhope zatsopano. Mtsikana wamphamvu akafika ndi ndowa yonyezimira, tonse tinkamuyang'ana ngati watibera kanthu, chonsecho nayenso wasiya ana kunyumba.

Pakati pa amisiri panali madala ena a ku Thuchila, aatali, oonda, olankhula pang'ono. Msana wawo unali utatha. Ankatha kumanga khoma loongoka bwino kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, koma mizere ya pansi, yofuna kuwerama, inkawalizitsa. Tsiku lina ndinawabweretsera matope, ndinawapeza agwira bondo, akupuma ngati akwera phiri. Anayang'ana uku ndi uku, a kapitawo anali atapita kukalandira lole ya njerwa.

"Mayi," anatero, "msana wanu ndi wabwino?"

"Ulipo."

"Gwirani mpeni uwu. Tapani matope, ikani apa. Ayi, osati ngati mukuomola phala. Yalani. Tsopano njerwa. Ikhudze chingwe, koma isachikankhe."

Sindinganame kuti anandiphunzitsa chifukwa cha chifundo. Ankafuna munthu wowerama m'malo mwawo, ndipo mwamuna aliyense akanamuuza zimenezo akanakaulula kwa a kapitawo kuti madala atha ntchito. Ine ndinali wa ndowa, mawu anga sakanapita patali. Koma zifukwa zawo zinali zawo. Changa chinali chakuti mpeni womangira uja utalowa m'dzanja langa, sindinafune kuubweza. Njerwa yoyamba inapendama, anaichotsa. Yachiwiri anaigogoda pang'ono ndi chigwiriro n'kuisiya.

Kuyambira pamenepo, a kapitawo akangotembenuka, ine ndinkagwada pakhoma la madalawo. Anandionetsa kumanga ngodya, kuti ngodya ikalakwika khoma lonse lalakwika. Anandionetsa kuyang'ana kadontho ka mu levulo, kuti kakhale pakati penipeni. Anandiphunzitsa kumva matope ndi mpeni, ngati achuluka madzi kapena mchenga. Ankakalipa motsitsa mawu. "Mwathamangira kuti? Khoma silithawa." Alamu anga ndi amene ankandilondera. Ankati akaona chipewa chachikasu chikubwera, ankayamba kutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu, ine n'kudzuka msanga, ndowa pamutu, nkhope yosalakwa.

"Mudzatiphetsa inu," ankatero tikutsika kumtsinje. "Mukufuna kukhala mmisiri? Ndiye ine ndidzakhala dalaivala wa lole."

Ndinkaseka nawo, koma mumtima nkhaniyo inali itamera mizu. Mmisiri chala chikamudutsa pano, mawa amakamanga khitchini ya munthu kumudzi, kapena manda, kapena khola la nkhumba. Wa ndowa chala chikamudutsa, ndowa yake ndi yofanana ndi ya mkazi wina aliyense m'dziko muno.

Kenako kunabwera anthu okumba mjigo. Tinkawaonerera mosangalala, ati ana a sukulu adzamwa madzi abwino. Sitinadziwe kuti tikuombera m'manja chotichotsa ntchito. Atamaliza anaikapo pampu, thanki pamwamba, ndi paipi yakuda yaitali yofika mpaka popondera matope. M'mawa wotsatira chala cha a kapitawo chinaloza amayi ochepa kwambiri, ongosenza njerwa ndi kuthira madzi makoma kumene paipi sinkafika. Otsalafe tinaima kanthawi ngati sitinamve bwino. Ine tsiku limenelo chinandidutsa. Ndinabwerera ndowa ili gwedegwede m'manja, ndipo nditafika pakhomo mayi anangoyang'ana zovala zanga zoyera.

Kuyambira pamenepo mantha anakhala mnzanga wa panjira. Ndinkayesa kuganiza kuti ndiime pati kuti andione, kutsogolo kapena pambali, ndivale mpango wofiira kapena ayi. Tsiku lina kugwera, tsiku lina kudutsidwa. Ufa m'thumba unkatsika, ndipo ndinayamba chizolowezi choipa choukweza ndi dzanja m'mawa uliwonse kuti ndimve kulemera kwake.

Sipanapite nthawi, madala a ku Thuchila aja msana unawagonjetsa. Anagwada kuti atole chingwe, osathanso kudzuka mpaka anzawo anawagwira m'khwapa. Tsiku lomwe anabwera kudzatenga chikwama chawo anandiitanira kuseri kwa mulu wa njerwa. Anatulutsa mpeni wawo wakale, wotha kunsonga mpaka unachita kuzungulira, chigwiriro chake chakuda ndi thukuta, ndi kalevulo kakang'ono kong'aluka pakona.

"Tengani. Kunyumba zikangochita dzimbiri."

Ndinagwada polandira. Ndinati, "Ndidzakubweretserani nandolo."

"Nandolo ndili naye. Mverani. Pano sayang'ana manja, amayang'ana chomwe mwanyamula ndi pomwe mwaima. Mukabwera ndi ndowa ndinu wa ndowa, ngakhale mutamanga tchalitchi nokha. Mukafuna kumanga, kaimeni pamango."

"Nanga akandidutsa?"

"Ndiye akudutsani," anatero, n'kunyamuka pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

Apa m'pamene ndinaona msampha wa dongosolo lija. Ndikaima ndi amayi n'kusankhidwa, nthawi yosankha amisiri ndidzakhala ndili kale kuseri, njerwa pamutu. Ndikaima pamango kudikira, malo a amayi adzakhala atatha kalekale, ndipo amisiri akandidutsa ndilibenso kothawira. Tsiku limodzi silinkalola kuyesa mbali zonse. Unkasankha uli kunyumba, pakhomo, dzanja likamatambasuka kuti litenge chimodzi.

Poyamba ndinayesa kuchenjera. Ndinaika mpeni ndi levulo m'ndowa, n'kuima pakatikati, osati kwenikweni kumchenga, osatinso kwenikweni kumango. A kapitawo anasankha amayi osandiyang'ana, poganiza kuti mwina ndabwera kudzagulitsa zitumbuwa. Atatembenukira kwa amisiri anaona ndowa. Mmisiri wina wachinyamata, wokonda kuimba mluzu, anasuzumira m'ndowamo n'kufuula kuti, "Taonani, abwera ndi chipande chawo chomwe!" Pamango ponse panagwa chiseko. Alamu anga madzulo ake sanandinyengerere. "Mapanga awiri avumbwitsa, alamu. Mwavumbwatu lero."

Ndinakwiya, ndipo ine ndikakwiya ndimachita zinthu ndisanaganize bwino. M'mawa mwake ndinasiya ndowa pakhonde. Ndinakulunga mpeni ndi levulo m'kathumba ka shuga, ndinavala buluku lakale la bambo a ana mkati mwa chitenje, ndinanyamuka. Pamphambano alamu anayang'ana manja anga, kenako nkhope yanga.

"Ndowa mwaiwala?"

"Sindinaiwale."

"Iii, mayo ine. Achimwene anu ndikawauza chiyani?"

Kuchokera pamulu wa mchenga kufika pamango ndi pafupi, mwana atha kuponya mwala n'kupitirira. Koma ine ndinayenda ngati ndikuwoloka mtsinje wa Ruo utadzaza. Amisiri anandipatsa malo, osati mwaulemu, koma monga momwe anthu amapatukira munthu wamisala pamsika. Ndinaima kumbuyo kwawo, kathumba ndakakumbatira pachifuwa. Ndinaonerera chala chikuloza amayi, chikuloza alamu anga, chikuloza mtsikana wina watsopano yemwe anaima pamalo pomwe ine ndinkakonda kuima. Kenako a kapitawo anabwera kumango. Anandiona. Anangopukusa mutu, chala n'kupitirira.

Kubwerera kwa tsiku limenelo kunandiwawa kuposa masiku onse, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikanatenga ndowa mwina ndikanagwira ntchito. Ndinadzidutsitsa ndekha. Mayi anali pakhonde akusenda chinangwa. Anayang'ana ndowa ili pomwe ndinaisiya, anayang'ana kathumba kanga.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe," anatero. "Wapachala ndi wa mphepo. Ana awa sadya levulo."

Ankanena zoona.

Masabata otsatira ndinakhala munthu wosadziwika mbali. Ufa ukatsika kwambiri, mantha ankandigwira, ndinkatenga ndowa. Ndikagwirako masiku angapo, mtima unkayambanso kuwawa poona khoma likukwera m'manja mwa ena, ndinkatenga mpeni. Mbali zonse ziwiri zinayamba kutopa nane. Amayi ena ankati ndikabwera ndi ndowa, "Abwera amisiri, apatseni mpando." Wina anandiuza maso ndi maso kuti amene wakwera asamatsikenso kudzalanda malo a anzake. A kapitawo nawo anapeza choseketsa cha m'mawa uliwonse. "Lero ndinu ndani, mayi? Tiuzeni tidziwe." Ndipo ndinaona kuti ngakhale ndili kumchenga, chala chinayamba kundidutsa kawirikawiri kuposa kale. Munthu wosadziwika mbali savuta kumusiya.

Tsiku lomwe zinasintha, sindinachite chanzeru chilichonse. Kunja kunali chiperoni, phiri losaoneka n'komwe, kamvula kosalekeza kaja kolowa m'mafupa. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, dzanja likupita kundowa, likubwerera. Chomwe chinandisankhira ndi nkhata: inali itanyowa chifukwa ana anaisiya panja, ndipo ndinanyansidwa kuiika pamutu. Ndinatenga kathumba.

Nditafika pageti ndinapeza pamango pali anthu ochepa. Kumudzi wina wa kufupi kunagwa maliro a munthu wamkulu, ndipo amisiri ambiri anali a komweko, ena achibale, ena okumba manda. A kapitawo anali akuyendayenda, foni kukhutu, akuyankha kuti "inde bwana, inde bwana." Eni ntchito ankabwera kudzayendera kumapeto kwa sabata, ndipo zimbudzi za atsikana zinali zikadali pamaziko. Anasankha amayi mofulumira. Anasankha amisiri onse omwe analipo, mpaka wa mluzu uja yemwe khoma lake linkachita mimba. Kenako anaima. Anayang'ana kumsewu ngati kutulukira wina. Kunalibe. Anandiyang'ana.

"Inu. Mumathadi, kapena mumangonyamula?"

"Ndiyeseni."

"Zimbudzi. Likapendama mugwetsa nokha, ndipo tsiku limenelo sindikulemberani."

Ndinamasula chitenje n'kuchimanga m'chiuno pamwamba pa buluku. Ndinamva wina akuti "asa!" koma sindinatembenuke. Chingwe ndinachimanga kawiri. Ndinayamba ndi ngodya, monga anandiphunzitsira madala aja. Njerwa, matope, kugogoda, levulo. Kadontho kanathawira kumanzere. Ndinachotsa, ndinayambanso. Kamvula kankalowa m'khosi, koma thukuta linkatuluka. Ndinkangomva ngati maso onse a pamalopo ali pamsana panga, ngakhale mwina aliyense ankaona zake.

Matope oyamba atatha ndinazindikira vuto lomwe sindinaliganizire. Mmisiri matope akamuthera amafuula. "Matope kuno!" Ndi mmene zimakhalira, ndipo ife a ndowa tinkathamanga, tikutukwana chamumtima. Tsopano inali nthawi yanga yofuula, ndipo oti ndiwafuulire anali amayi omwe dzulo lake ndinaima nawo pamzere. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinaganiza zopita kukatapa ndekha, koma ndinadziwa kuti ndikangonyamula beseni la matope pamaso pa a kapitawo, ndabwerera kumanzere. Ndinaima pamenepo, mpeni uli m'manja, ngati chitsiru.

Anali alamu anga amene anabwera, beseni pamutu, matope akudontha m'mbali. Analitula pafupi ndi phazi langa mwamphamvu, mpaka linandithimbiritsa.

"Kodi amisiri a kuno ndi osalankhula?" anatero mokweza kuti onse amve. Kenako anawerama ngati akukonza nkhata, nanena motsitsa, "Fuulani, alamu. Mukachita manyazi atidya tonse. Fuulani ngati mwamuna woipa."

Ulendo wotsatira ndinafuula. Mawu anatuluka opyapyala ngati a mwana wa mbuzi, amayi ena anaseka, koma matope anabwera. Pofika masana ndinali nditazolowera, ndipo zinandichititsa mantha pang'ono kuti kufuula kumazolowereka msanga chotere.

Khoma linakwera. Litafika pachifuwa anandiikira thabwa pa migolo iwiri, ndinakwerapo. Ndili pamwambapo chifunga chinang'ambika pang'ono, ndinaona minda ya tiyi kutali, yobiriwira, ndi timitu ta anthu othyola. Sindinayang'ane nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti ndikasangalala ndilakwitsa mzere.

Dzuwa litapendeka a kapitawo anabwera ndi levulo yawo yaitali, osakhulupirira kanga. Anaiika choimirira pangodya. Anaigoneka pamwamba. Anapita mbali ina, anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana m'litali mwa khoma. Ndinkadikira mawu amodzi okha, abwino kapena oipa. Iwo anangopukuta levulo yawo pa buluku n'kuyamba kuchoka.

"Bwana," ndinaitana. "Nanga mawa?"

Sanatembenuke n'komwe. "Mawa tiona."

Panjira alamu ankalankhula za khoma langa ngati amanga ndi iwo, koma titafika pamphambano anaima. "Maliro aikidwa lero," anatero. "Mawa onse aja abwerera." Ndinati ndikudziwa. Anandigwira dzanja, anaona momwe simenti inadyera nsonga za zala, n'kupatukira njira ya kwawo.

Kunyumba ndinapeza mayi atatsuka ndowa yanga. Anaikwecha ndi mchenga mpaka inawala, anaiika pakhomo penipeni, nkhata youma bwino ili mkati. Uthenga unali utawapeza kale kuti mwana wawo wakwera pathabwa atavala buluku.

"Wamanga, tamva," anatero. "Wakhutira. Mawa amisiri eni ake abwera. Utenge ndowa, ukaime ndi anzako, uwapepese ngati pali powapepesa. Thumba la ufa lija ulikweze umve."

Ndinalikweza. Linali lopepuka moti mwana akanatha kulinyamula ndi dzanja limodzi.

Ndinakhala pakhonde dzuwa likulowa, ana akusewera fulaye kuseri. Ndinkaidziwa bwino ndowa imeneyo. Yachitsulo, yokhomedwa ndi amisiri a zidebe pamsika wa Chinakanaka, chogwirira chake ndinachikulunga ndekha ndi mphira. Ndinkadziwanso bwino mtima wanga. Ndinadziwa kuti kukacha, mantha adzandidzutsa tambala asanalire, ndidzakweza thumba la ufa, ndidzayang'ana ana ali mtulo, ndipo dzanja lidzapita lokha kundowa. Ndidzaima kumchenga, a kapitawo adzaseka n'kunena kuti, "Lero mwabwerera kwanu," ndipo khoma la zimbudzi lija lidzakhala nthabwala ya tsiku limodzi la maliro. Akadzamaliza sukuluyi n'kupita kwina, ine ndidzayambanso pageti lina ndi ndowa, tsitsi likuthothoka, mpaka msana udzathe ngati wa madala aja, koma wopanda ngakhale mpeni wosiyira munthu.

M'thumba la buluku munali msomali waukulu womwe ndinkamangirira chingwe. Ndinatenga mwala wa pamafuwa. Ndinavundikira ndowa pansi, ndinaika msomali pakati, ndinamenya.

Phokoso lake linatulutsa mayi m'nyumba. "Iwe! Wapenga?"

Ndinadziwa kuti bowo limodzi a zidebe amamata m'kanthawi kochepa, ndiye sindinasiye. Ndinaboola pena, ndi pena, pansi ponse, kenako m'mbali. Ndinkalira uku ndikumenya, osati kulira kwa chisoni, koma kwa mantha enieni, chifukwa bowo lililonse ndinkadziwa chomwe ndikuchita. Ana anabwera n'kuima patali. Mayi anagwira m'mutu, anakhala pansi pakhonde, nayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha, chomwe amalankhula akafuna kuti Mulungu amve msanga. Nditamaliza anangoti, "Wabadwa ndi mutu wa bambo ako," n'kulowa m'nyumba. Chakudya cha madzulo amenewo tinadya osayang'anana.

Kutacha, monga ndinanenera, mantha anandidzutsa. Dzanja linapitadi pakhomo, linapeza chinthu chobookabooka. Ndinatenga kathumba. Pamphambano alamu anafunsa ndi maso, ndinawauza, anaima chilili.

"Mwaboola? Ndowa yabwinobwino ija? Mukanandipatsa ine!"

"Mukanandibwereka ndikapempha."

Anaganiza pang'ono. "Ndikanakubwerekanidi," anatero.

Pamango panali podzaza. Onse a kumaliro anali atabwerera, ena maso ofiira ndi tulo, akufotokozerana za nyama yomwe inaphedwa. Ndinaima kumbuyo kwawo monga kale. Amayi anasankhidwa, anapita. A kapitawo anabwera, chala chinayamba ulendo wake. Inu, inu, inu. Wa mluzu anamutuma kukamaliza zimbudzi, pakhoma langa lomwe. Chala chinafika pomwe ndinaima, chinachedwa pang'ono, pang'ono pokha, n'kupitirira.

Ndinayenda ulendo wobwerera pang'onopang'ono, ndikuzungulira njira yaitali ya m'minda kuti ndisakumane ndi anthu. Ndinkakonza mawu oti ndikanene kwa mayi, osawapeza. Ndinkaganiza za thumba la ufa, za nsapato za mwana wamkulu, za kwa ndani ndingakapemphe ganyu wopalira. Ndinadzitukwana mayina onse omwe ndimawadziwa.

Ndikuyandikira pakhomo ndinamva fungo la utsi wa makala. Mayi anali atakhala pamphasa, miyendo yawo yotupa atatambasula. Patsogolo pawo panali ndowa yanga, itakhazikidwa pa miyala, makala akuyaka mkati, moto ukuoneka m'mabowo onse omwe ndinaboola. Pamwamba anayalapo waya, akuwotcha chinangwa. Anayang'ana zovala zanga zoyera monga ankachitira nthawi zonse. Ndinadikira mwambi wina.

Anatembenuza chinangwa ndi zala, anasankha chopsa bwino, anachipala ndi mpeni wa kukhitchini n'kundipatsira osandiyang'ana.

"Mbaula yake ndi yabwino, ikukoka mphepo," anatero. "Idya. Ndamva kuti umaima kumbuyo kwa amuna ngati wabwera kudzapempha moto. Mawa ulawire, ukaime kutsogolo."